Mphunzitsi Ayambe Walaŵa Umbuli: Zimene Alifabeti ya ku Korea Ingatiphunzitse

Kuphunzitsa mwana kuŵerenga ndi kulemba ndiyo ntchito yolemera koposa m'sukulu ya pulayimale, ndipo vuto lake lalikulu lili mwa mphunzitsi mwini. Tonsefe amene timaŵerenga bwino tinaiŵala kale mmene malembo ankaonekera tsiku lija tinawaona koyamba. Tikalemba b pabolodi timaona b basi, koma mwana wa m'Sitandade 1 amaona kamtengo kokhala ndi mimba, ndipo maŵa lake tikalemba d amaona kamtengo komweko katatembenuka. Tikamkalipira kuti sakumva, timamlanga chifukwa cha chinthu chimene maso athu analeka kuchiona. Maganizo anga ndi akuti wophunzira uphunzitsi aliyense, asanapite kukayeserera kuphunzitsa, apatule ola limodzi pa tsiku kwa mlungu umodzi kuti aphunzire alifabeti imene sanaionepo, ndipo yoyenera koposa pa ntchito imeneyi ndi ya ku Korea, yotchedwa Hangul.

Tiyambe tadziŵa kumene malembo ameneŵa anachokera. Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Korea ankalemba ndi zizindikiro za Chitchaina, zimene zilipo zikwizikwi ndipo sizigwirizana ndi kamangidwe ka chinenero chawo. Odziŵa kulemba anali makamaka ana a m'mabanja apamwamba, okhala ndi mpata wokhala pa maphunziro zaka zambiri, pamene mlimi wamba sankatha kulemba ngakhale dandaulo lake. Mfumu Sejong, imene inalamulira ufumu wa Joseon kuyambira 1418 mpaka 1450, inakonza malembo atsopano 28 m'chaka cha 1443, niwalengeza mu 1446 m'buku lotchedwa Hunminjeongeum, dzina lotanthauza maliwu olondola ophunzitsira anthu. Si onse anakondwera nawo. Mu 1444 Choe Man-ri, mmodzi wa akuluakulu ophunzira a kunyumba yachifumu, analembera mfumu kalata yotsutsa malembowo, ndipo mu 1504 Mfumu Yeonsangun inawaletsa anthu ena atalemba nawo zikalata zoinyoza. Boma linadzawavomereza m'zikalata zake mu 1894. Lero dziko la South Korea limawakumbukira pa 9 Okutobala chaka chilichonse, ndipo mu 1989 bungwe la UNESCO linakhazikitsa mphotho ya ntchito yothetsa umbuli yotchedwa m'dzina la Sejong.

Chofunika kwa ife aphunzitsi n'chakuti alifabeti imeneyi inakonzedwa dala ndi anthu amene ankaganizira za wophunzira. Malembo ake oyambira lero alipo 24: opanda liwu, aja timawatchanso makonsonanti, ndi 14, ndipo a liwu ndi 10. Asanu mwa opanda liwu ndiwo maziko, ndipo maonekedwe awo anatengedwa ku ziŵalo zolankhulira. Lembo ㄱ, lomveka pakati pa g ndi k, limasonyeza tsinde la lilime litatseka kummero. ㄴ, ndiye n, ndi nsonga ya lilime itakhudza kuseri kwa mano a m'mwamba. ㅁ, ndiye m, ndi kamwa. ㅅ, ndiye s, ndi dzino. Ndipo ㅇ ndi mmero. Ambiri mwa otsalawo amapangidwa powonjezera kamzere pa asanu ameneŵa. Malembo a liwu nawo anamangidwa pa zizindikiro zitatu: kadontho koimira thambo, mzere wogona woimira dziko, ndi mzere woimirira woimira munthu. Kadonthoko masiku ano kamalembedwa ngati kamzere kakafupi.

Malembo ameneŵa sandandalikidwa mumzere monga athu, koma amaunjikidwa m'timagulu, kagulu kalikonse kukhala phatikizo limodzi. ㄴ ndi ㅏ zimapanga 나, ndiye na. ㅁ ndi ㅜ zimapanga 무, ndiye mu. Motero 나무, namu, ndi mtengo. Lembo la liwu loimirira limakhala kudzanja lamanja, logona limakhala pansi. Apa mphunzitsi wa Chicheŵa adzazindikira msanga chinthu chimene akuchidziŵa, pakuti ifenso timaphunzitsa ana ndi maphatikizo, ma me mi mo mu, ndipo ana a ku Korea nawonso ali ndi tchati chawo cha maphatikizo chimene amatchula motsatana. Tsono munthu wamkulu akakhala pansi kuti aphunzire zimenezi, amatulukira zinthu zinayi zimene buku la njira zophunzitsira lingathe kumuuza koma silingathe kummvetsa.

Choyamba ndi kusokonezeka kwa maso. Taonani malembo anayi aŵa: ㅏ, ㅓ, ㅗ, ㅜ. Onse ndi mzere wautali ndi kamzere kakafupi, ndipo kusiyana kwawo kwagona pa mbali imene kamzereko kaloza: kumanja, kumanzere, kumwamba kapena pansi. Mudzawaloŵeza madzulo, m'maŵa n'kupeza kuti mukutchula o pamene pali u. Limeneli ndilo vuto la mwana pa b ndi d, pa p ndi q, pa n ndi u. Moyo wake wonse mwanayo waphunzira kuti khasu ndi khasu ngakhale uliloze kum'maŵa kapena kumadzulo, ndipo tsopano tikumuuza kuti pa pepala kutembenuka kumasintha dzina la chinthu. Mphunzitsi amene wasokonezekapo chomwechi sadzaphunzitsa b ndi d mlungu umodzi, ndipo mwana akalakwitsa sadzamutcha waulesi.

Chachiŵiri ndi ndondomeko yoperekera malembo. Amene ayesa kuloŵeza onse 24 tsiku limodzi amatopa asanaŵerenge mawu ngakhale amodzi. Koma ndi malembo anayi okha, ㅇ, ㅏ, ㅗ ndi ㅣ, munthu amatha kuŵerenga 아이, ai, kutanthauza mwana, ndi 오이, oi, kutanthauza nkhaka, pakuti ㅇ likakhala poyamba pa phatikizo silimveka, limangogwira malo. Chimwemwe cha mawu oyambawo ndicho chimampatsa munthu mphamvu yobwerera ku phunziro maŵa. Ndiponso malembo achibale akaphunziridwa pamodzi amagwirika msanga. Lembo ㄱ likalandira kamzere limakhala ㅋ, lotuluka ndi mpweya wamphamvu, ndipo ㄷ limakhala ㅌ mwa njira yomweyo. M'Chicheŵa ntchito imeneyi timaichita ndi h, ndipo ndiyo imasiyanitsa kola ndi khola, pala ndi phala. Mwana akaika dzanja patsogolo pa kamwa namva mpweya wa phala, h uja amaleka kukhala chokongoletsera chabe. Nanga n'chifukwa chiyani ena a ife timaumirira kuyamba ndi a mpaka z, ngati kuti ndondomeko ya alifabeti inakonzedwera ana?

Chachitatu n'chakuti kudziŵa malembo sikuŵerenga. Jeong In-ji, mmodzi wa anthu ophunzira amene anafotokoza malembo a Sejong mu 1446, ankakhulupirira kuti ngakhale munthu wochedwa kumva angawadziŵe m'masiku khumi, ndipo pa malembo okhawo ananena zoona. Koma mukadzafika pa chiganizo chathunthu mudzaona chala chanu chikuyenda lembo ndi lembo, milomo ikugwedezeka, ndipo pofika kumapeto mudzakhala mutaiŵala poyambira. Maphatikizo amene angathe kulembedwa m'Chikoreya cha lero alipo 11,172, ndipo palibe amene amawaloŵeza onse. Chimene munthu amaphunzira ndi luso lophatikiza, ndipo luso limeneli limadza ndi kubwereza kwa tsiku ndi tsiku. Palinso china choposa apa. Mudzatha kutchula 바다, bada, bwinobwino, osadziŵa kuti mwatchula nyanja yamchere. Umu ndimo alili mwana amene amaimba zolembedwa pabolodi pamodzi ndi anzake, mawu ali pamwamba, koma ukamfunsa kuti nkhaniyo ikunena za yani amangoyang'ana pansi. Mphunzitsi amene walaŵa kuŵerenga kopanda tanthauzo sadzakhutira ndi phokoso la kalasi yonse.

Chachinayi chikukhudza khutu ndi dzanja. Chicheŵa chili ndi malembo a liwu asanu okha, ndipo maliwu a ㅓ ndi ㅡ mulibe m'chinenero chathu. Khutu lanu lidzawakankhira ku o ndi u, monga khutu la mwana limachitira ndi maliwu a Chingerezi. Maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu, n'chifukwa chake timati buku ndi sukulu, pamene a Chikoreya angathe kuthera pa lopanda liwu lolembedwa pansi pa kaguluko, monga mu 물, mul, madzi, ndi 강, gang, mtsinje, mmene ㅇ uja anali chete tsopano akumveka ngati ng' wa ng'ombe. Kwina tidzapeza kuti ife tili ndi mwaŵi: lembo ㄹ limamveka ngati r pena, ngati l pena, malinga ndi malo ake, chinthu chosadabwitsa kwa munthu amene amalemba lira ndi lero. Dzanja nalo lili ndi lamulo lake, pakuti mizere imalembedwa kuchokera pamwamba kutsika pansi ndi kuchokera kumanzere kupita kumanja. Pakatha theka la ola zala zidzayamba kuŵaŵa, ndipo mudzakumbukira kuti zala za mwana wa zaka 6 n'zanthete kuposa zanu.

Ndikudziŵa kuti ena adzatsutsa. Adzati nthaŵi ya pakoleji ndi yochepa, ndipo palibe mwana amene adzalemba mayeso a Chikoreya. Zimenezo n'zoona, koma maola asanu si ambiri poyerekeza ndi zaka zimene mudzakhala pamaso pa ana, ndipo cholinga si kudziŵa Chikoreya. Mungathe kuiŵala malembo onse mwezi usanathe, phindu lake n'kutsalabe. Ena adzati munthu wamkulu saphunzira monga mwana. Zimenezinso n'zoona, koma zikulimbitsa mfundo yanga. Inu mukudziŵa kale kuti chizindikiro cholembedwa chimaimira liwu, mukudziŵa kugwira pensulo, ndipo mwasankha nokha kuphunzira. Ngati muvutika muli ndi zonsezi, kuli bwanji mwana amene alibe ngakhale chimodzi, amene mwinanso wabwera wosadya? Enanso adzafunsa chifukwa chosasankhira malembo ena. Chitchaina chimafuna zaka. Malembo a Chiarabu ambiri amasintha maonekedwe malinga ndi malo awo m'mawu, ndipo anzathu amene anapita ku madrasa amawadziŵa kale, kotero kwa iwo sangakhale achilendo. Hangul ndiyo imalola munthu kuyenda ulendo wonse m'mlungu umodzi, kuchokera posadziŵa kanthu kufikira poŵerenga mawu, ndipo ulendo wathunthuwo ndiwo tikuufuna.

Kachitidwe kake kangakhale kotere. Khalani aŵiriaŵiri, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo mupeze tchati cha malembowo pamodzi ndi katchulidwe kake m'buku kapena pa intaneti. Lolemba phunzirani ㅇ ndi malembo a liwu asanu ndi limodzi: ㅏ, ㅓ, ㅗ, ㅜ, ㅡ, ㅣ. Lachiŵiri tengani ㄱ, ㄴ, ㅁ ndi ㅅ, muyambe kuphatikiza, ndipo muyese kulemba mawu athu omwe, monga 아나, ana, ndi 마노, mano. Lachitatu onjezerani opanda liwu otsalawo, Lachinayi malembo a liwu anayi otsala ndi maphatikizo othera pa lembo la pansi. Lachisanu aliyense aimirire pamaso pa anzake aŵerenge mokweza mawu khumi amene sanawaonepo. Tsiku limeneli ndilo lofunika koposa, chifukwa mudzamva manyazi a munthu wodziŵa kuti ena akudikira kuti alakwitse. Tsiku lililonse mulembe m'kope zinthu zitatu: chimene chakusokonezani, mphindi imene munayamba kutopa, ndi chimene mnzanu ananena kapena kuchita chimene chinakuthandizani.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene watuluka m'Sitandade 2 asanadziŵe kuŵerenga amalephera masamu ndi maphunziro ena onse, osati chifukwa chosoŵa nzeru, koma chifukwa funso lenilenilo satha kuliŵerenga, ndipo kaŵirikaŵiri ana otere ndiwo amadzasiya sukulu akukhulupirira kuti mitu yawo ndi youma. Kope lanu la mlungu umodzi lija mulisunge bwino. Usiku woti maŵa mukaima koyamba pamaso pa ana a m'Sitandade 1, mulitsegule pambali pa chikonzero chanu cha phunziro, muŵerenge zimene munalemba Lolemba lija, kenaka muonenso kuchuluka kwa malembo amene mwakonza kuphunzitsa pa tsiku limodzi.