Mphunzitsi Wotopa Sakhalitsa pa Ntchito

Chaka ndi chaka makoleji athu amatulutsa aphunzitsi, ndipo chaka ndi chaka sukulu za kumidzi zimadandaulabe kuti aphunzitsi ngochepa. Kodi amapita kuti? Ena amapempha kusamukira m'tauni, ena amaloŵa ntchito zina, ndipo ena amatsala pasukulu koma mtima utachoka kale m'kalasi. Ife tikhulupirira kuti kusunga mphunzitsi wodziŵa ntchito nkofunika chimodzimodzi ndi kuphunzitsa watsopano.

M'chaka cha 1994 boma lidathetsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, koma walira mvula walira matope. Muyeso wa Unduna wa Maphunziro ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, komabe m'Sitandade 1 nkosadabwitsa kupeza ana oposa 100. Taŵerengani nokha: makope 100, maphunziro atatu, mphindi imodzi pa kope lililonse, akwana maola asanu. Munthu ameneyu adzalima liti? Adzacheza liti ndi ana ake?

Mphotho ya ndalama ili ndi malo ake. Alawansi ya aphunzitsi a kumidzi, imene idayamba m'chaka cha 2010, idavomereza kuti ntchito ya kumudzi ili ndi zoŵaŵa zake. Koma ndalama payokha siikwanira. Mphunzitsi afuna malipiro ofika pa nthaŵi yake, kukwezedwa paudindo kosazengereza, ndiponso nyumba yosadontha pafupi ndi sukulu. Amene apalasa njinga ulendo wautali m'matope a mwezi wa Januwale amafika m'kalasi atatopa kale. Komiti ya sukulu ikaumba njerwa za nyumba ya mphunzitsi, yamuuza ndi manja kuti, "Khalani nafe." Mphunzitsi wamkulu akayamika mnzake pamaso pa makolo, wapereka mphotho yosalira tambala.

Tsono inu amene mukuphunzira uphunzitsi, musayembekeze kuti zonsezi mukazipeza zitakonzeka. Zina zili m'manja mwanu. Chongani makope ena mukuyendera ana pamene akulemba, pakuti mwana awongoka msanga akaona cholakwa chake pomwepo. Masamu afupiafupi ana angathe kudzichongera okha kuchokera pabolodi, inu nkumayang'anira. Konzani masikimu pamodzi ndi anzanu a sitandade imodzi, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Patulani tsiku limodzi pa sabata losagwira kope, ndipo musachite nalo manyazi.

Ena adzanena kuti uphunzitsi ndi maitanidwe, ndipo woitanidwa saŵerenga maola. Tivomereza kuti ndi maitanidwe, koma akulu adati ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika. Taona achinyamata achangu amene adadzipanikiza zaka ziŵiri zoyamba, nasiya ntchito m'chaka chachitatu. Mwana wa kumudzi apindula koposa ndi mphunzitsi amene adzakhalepo kufikira mwanayo atalemba mayeso a Sitandade 8. Dzisungeni kuti mukakhale mphunzitsi wotero.