Masewera a Mfuti a pa Lamya: Luso Lake ndi Chimene Amabisa

Pa boma la Mwanza, m'mbali mwa msewu wopita ku chipata cha Zobue, anyamata otsiriza sukulu amaunjikana madzulo, maso ali pa lamya za m'manja. Ena mwa iwo amakhala akusewera Free Fire, masewera oomberana mfuti amene kampani ya Garena ya ku Singapore inatulutsa mu 2017. Munthu amawakopera pa intaneti kwaulere, ndipo amatheka ngakhale pa lamya yotsika mtengo.

Aphunzitsi ambiri amangoti nzotayitsa nthawi. Komatu amene anakonza masewerawa anali amisiri, ndipo wofuna kutsutsa ntchito ya mmisiri ayenera kuyamba waipenyetsetsa. Osewera 50 amatera pa chilumba chimanjamanja, nayamba kufunafuna zida m'nyumba. Wotsala yekha ndiye wapambana. Nzeru yonse yagona pa bwalo limene limanka licheperachepera: wotsalira kunja kwake mphamvu zimamuthera kufikira atafa. Tsono wamantha sangabisale mpaka kalekale, pakuti bwalolo limamukankhira kwa adani ake, ndipo pa mphindi ngati 10 zonse zatha. Njirayi inatchuka ndi PUBG, masewera a Brendan Greene wa ku Ireland, m'mene mumalowa osewera 100. Mnyamata amene amagona pa phunziro la mapu m'kalasi, pano amawerenga mapu, kuyeza mtunda ndi kumvetsera mapazi a mdani, mwakuti mphunzitsi wa jogalafe akhoza kuchita nsanje.

Chodandaulitsa chili pa kajambulidwe. Chilumba nchowala, udzu ngwobiriwira, ndipo ankhondo amavala zovala zonyezimira zimene wosewera amagula ndi ndalama zenizeni. Wophedwa amasanduka bokosi la katundu limene womupha amathamangira kukatolamo zipolopolo. Ojambula anachita dala: akanaonetsa bala monga likhalira, ndani akanabwereza kusewera?

Kwina nkhaniyi ingaoneke yaing'ono, koma osati ku Mwanza. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, inali tsidya lija la malire. Magalimoto odzera ku Tete ankayenda mumdipiti moperekezedwa ndi asilikali, ndipo Malawi inasunga anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Akuluakulu amene analandira anthuwo, ena ovulala, ena amasiye, akalipo m'midzi, ndipo adzukulu awo ndi omwewa akuseka mnzawo akagwa.

Kulanda lamya nkosavuta, koma mawa mnyamata abwereka ina. Nkwabwino kuti mphunzitsi wa mbiri yakale akafika pa nkhondo ya ku Mozambique aitane mmodzi wa akuluakulu aja adzalankhule m'kalasi. Akatha, afunse ophunzira kuti atchule zimene ojambula a Garena anasiya pojambula munthu wolasidwa ndi chipolopolo.