MUNALI CHIYANI MU MGOLO UMENEWU?

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu, pa misonkhano timakamba kawirikawiri za mtengo wa thonje, za ng'ona ndi za madzi osefukira. Lero tifuna kukamba za chinthu chimene chili pakhonde la nyumba zambiri kuyambira ku Nchalo kufikira ku Bangula, ndi kutsidya ku Makhanga komwe. Chinthucho ndi mgolo.

Ife sitinyoza mgolo ayi. Kuno kuchigwa mijigo yambiri itulutsa madzi amchere, ndipo mayi wopita kukatunga m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh adziwa kuti ng'ona imdikira pa dooko. Chifukwa chake akapeza madzi abwino afuna kusunga ambiri pakamodzi, ndipo mgolo wa malita 200 ndi chuma kwa iye. Ophika kachasu aufuna, ogulitsa mafuta ophikira aufunanso. Pogula timaugogoda kuti timve ngati ndi wolimba, timausuzumira ngati ulibe dzimbiri, timakangana za mtengo kufikira dzuwa litapendeka. Koma funso limodzi sitifunsa: kodi munali chiyani muno?

Tamverani za mankhwala amodzi okha. Dzina lake ndi tricresyl phosphate, ndipo mtundu wake woopsa koposa madotolo autchula mwachidule kuti TOCP. M'mafakitale amawathira m'pulasitiki kuti afewe ndi kupindika bwino, amawathiranso m'penti ndi m'mafuta a makina. Maonekedwe ake ali ngati mafuta oyera, ndipo alibe fungo loti lingakuchenjezeni. Sasungunuka bwino m'madzi. Nchifukwa chake mukatsuka mgolo ndi madzi, iwo amatsala atakanirira m'mphepete ndi m'misoko ya chitsulo. Koma m'mafuta ophikira ndi mu mowa waukali asungunuka msanga. Taganizani tsono za mgolo wa kachasu.

Izi sizongoopseza. Mu 1955 ku Durban, mzinda umene abale athu ambiri opita ku South Africa audziwa, anthu 11 anapuwala miyendo, ndipo pofufuza kunapezeka kuti madzi awo anali kusungidwa mu mgolo wochokera ku fakitale ya penti. Madotolo awiri, Mervyn Susser ndi Zena Stein, analemba nkhaniyi mu 1957. Mu 1959 ku Morocco, makamaka mumzinda wa Meknes, amalonda adyera anasakaniza mafuta ophikira ndi mafuta a injini za ndege amene munali mankhwala omwewa, nawagulitsa motchipa kwa anthu osauka. Anapuwala anthu pafupifupi 10,000, amuna, akazi ndi ana, kotero kuti a Red Cross anatumiza anthu ochokera kumaiko ambiri kukathandiza. Ku America nako mu 1930 anthu zikwizikwi anapuwala atamwa chakumwa chotchedwa Jamaica ginger chimene munathiridwa TOCP. Onani kuti konseku ovulala anali anthu onga ife, ofuna chinthu cha mtengo wotsika.

Chimene chitiopsa ife kwambiri ndi kayendedwe ka matendawa, pakuti abwera mobisala. Tsiku loyamba munthu angathe kusanza kapena kutsegula m'mimba pang'ono, kenaka apeza bwino nabwerera kudimba kapena kubwato lake, ndipo aiwala. Ipita sabata imodzi, ziwiri, pena zitatu. Pamenepo ayamba kumva kupweteka m'akatumba a miyendo, zala za kumapazi zichita dzanzi, phazi liyamba kulendewera kotero kuti poyenda alikoka pansi. Pambuyo pake manja nawonso afooka, khasu osagwirika, nkhafi osagwirika. Mankhwalawa aononga mitsempha, ndipo palibe jekeseni wobweza poizoniyo. Ena apezako bwino pang'onopang'ono patapita miyezi yambiri, ena atsala opuwala moyo wawo wonse.

Tsono ndani adzakumbukira mgolo patapita masabata atatu? Tidziwana abale. Anthu anayi a nyumba imodzi akapuwala mwezi umodzi, mudzi sudzayang'ana pakhonde. Udzayang'ana kwa agogo ena okhala okha kumapeto kwa mudzi, ndipo mawa lake tidzamva kuti nyumba yawo yatenthedwa. Mgolo uja nkukhala uli pomwepo, ana akumwabe.

Ena adzati, "Ife timawiritsa madzi, timathiranso klorini monga anatiphunzitsa a zaumoyo." Mwachita bwino, ndipo musaleke, pakuti kolera wa 2022 ndi 2023 anatiphunzitsa ndi maliro. Koma moto ndi klorini zipha tizilombo, sizichotsa poizoni wotere. Madzi adzawira mpaka kuphwa, iye adzatsala mumphika.

Enanso adzati, "Inu a komiti mulankhula ngati anthu olemera. Mgolo watsopano tiugula ndi chiyani?" Funso ili ndi loona ndipo sitilithawa. Sitinena kuti migolo yonse yakale ndi yoipa. Ilipo imene munali mafuta ophikira kapena zakudya zina, ndipo imeneyo njabwino ikatsukidwa. Tinena za mgolo ndi chigubu zimene chikalata chake chakandidwa kapena kupakidwa penti, zimene wogulitsa sangathe kunena kumene zachokera, ndi zimene zili ndi chithunzi cha chigaza ndi mafupa kapena cha moto. Zimenezo musasungiremo madzi, ufa, mbewu, mafuta kapena mowa, ngakhale atakupatsani ulere. Safunsa anadya phula. Mtsuko wa amayi athu ndi waung'ono, inde, koma tidziwa dothi limene anauumbira.

Ndipo kuno kwathu mgolo suchokera kumsika kokha. Madzi a mu January 2015 ndi a namondwe Freddy mu March 2023 anakokolola katundu wa anthu kuchokera kutali, nam'siya m'mabango ndi m'minda. Chigubu chotoledwa m'dambo madzi ataphwa sichili mphatso. Simudziwa mwini wake, simudziwanso chimene anasungamo.

Koma sitifuna kuti mlandu wonse ugwere mayi wa kumudzi. Iye sanapange mankhwalawo, ndipo chikalata cha pa mgolo chalembedwa m'Chingerezi chimene iye sawerenga. Amene agula mankhwala oopsa ndi kuwagwiritsa ntchito ndiye adziwa zimene zinali m'katimo, ndipo udindo wake sutha pamene mgolo watha. Ife tinena kuti mgolo wotere uyenera kubooledwa pansi usanatuluke pachipata, kuti wina asathe kusungiramo kanthu. Tinenanso kuti makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, amene atolera msonkho m'misika tsiku ndi tsiku, angathenso kuyang'ana migolo yogulitsidwa m'misikamo. Dziko lino lili ndi a Malawi Bureau of Standards oyang'anira ubwino wa katundu, lilinso ndi lamulo losamala chilengedwe la 2017. Lamulo lokhala m'kabati ku Lilongwe silisunga mwana wa ku Chiromo ngati ife eni ake sitilifunsa.

Kwa anyamata athu ogwira ntchito m'magalaja, m'mafakitale ndi kopaka penti tinena izi. Mankhwala awa alowanso pakhungu. Funsani magolovesi, ndipo musachite manyazi pofunsa. Akakutayikirani, vulani chovalacho msanga ndi kusamba ndi sopo ndi madzi ambiri. Musadye nsima ndi manja osasamba, musatengere ovolosi kunyumba kuti akazi anu akachapire limodzi ndi matewera. Inunso owotcherera zitsulo, musadule mgolo wosadziwika ndi moto, pakuti mpweya wa mankhwala ena osungunulira penti utsalira m'katimo ndipo uphulika.

Munthu akamwa mankhwala otere musam'kakamize kusanza, ndipo musadikire kuti muone ngati apeza bwino. Pitani naye kuchipatala cha pafupi, kaya ku Ngabu, ku Muona, ku Chikwawa kapena ku Nsanje, mutatenga chigubucho kapena chikalata chake kuti adotolo aone. Anthu angapo a pakhomo limodzi akayamba kukoka mapazi, lekani pomwepo kugwiritsa ntchito madzi ndi mafuta a pakhomopo, ndipo uzani alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo.

Pa msonkhano ukubwerawu tipempha membala aliyense kuti ayambe wayang'ana migolo ndi zigubu za pakhomo pake ndi kulemba papepala mawu onse olembedwapo, ngakhale sawamva. Amene sadziwa kulemba atume mwana wa sukulu. Mlembi adzasonkhanitsa mapepalawo, ndipo tidzapempha alangizi a zaumoyo kuti adzatiwerengere pamaso pa onse.