Akuti Madalaivala Akusowa, Chonsecho Mzere wa pa Forbes Sukutha

Mneni wakuti "kusowa" ali ndi nkhope ziwiri m'Chichewa. Mayi akati wasowa mchere, ndiye kuti m'nyumba mulibe. Koma akati mbuzi yasowa, ndiye kuti mbuziyo inalipo ndipo yachoka, kaya yabedwa kaya yathawa khola lodontha. Eni malole ndi akuluakulu a zamtengatenga akamadandaula kuti madalaivala odziwa ntchito akusowa, amafuna kuti anthu amve tanthauzo loyambalo, ngati kuti dalaivala ndi mvula imene yangokana kugwa popanda wolakwa. Tanthauzo loona ndi lachiwirilo. Madalaivala analipo, alipo, ndipo amene achoka athawa khola limene eni ake akukana kufolera.

Wokayika apite ku Mutare akaone yekha. Makilomita ochepa kuchokera pakati pa mzindawo pali chipata cha Forbes, chimene kutsidya kwake, ku Mozambique, chimatchedwa Machipanda. Pamenepa ndi pamene msewu wochokera ku doko la Beira, wa makilomita pafupifupi 300, umalowera m'Zimbabwe. Feteleza, mafuta a galimoto ndi makontena zimakwera. Fodya, miyala ya m'migodi ya Zimbabwe ndi kopa wa ku Zambia ndi ku Congo zimatsika. Masiku ano chipatachi chimatsegulidwa usana ndi usiku, komabe mzere wa malole umabwerera mobwerezabwereza, nthawi zina mpaka kufika m'misewu ya mumzinda. Pamzere pamenepo pamamveka Chimanyika, Chisena, Chipwitikizi ndi Chiswahili, koma Chinyanja sichisowanso. Amachiyankhula anyamata a ku Chipata ndi ku Lusaka opita ku Chirundu, a ku Tete ndi ku Angonia olembedwa ndi makampani a ku Beira, Amalawi ogwira ntchito kunja, ndiponso zidzukulu za machona amene anabwera m'dziko la Rhodesia m'masiku a Mthandizi. Lole iliyonse pamzerewo ili ndi munthu m'kati. Palibe imene yaima chifukwa chosowa woiyendetsa.

Chimene chikusowa pa Forbes ndi malipiro a masiku odikira. M'makampani ambiri a m'chigawo chino dalaivala amalandira kamalipiro kochepa ka pamwezi, ndipo ndalama yeniyeni imachokera pa ulendo: alawansi ya ulendo umodzi, kapena kangachepe pa kilomita iliyonse imene wayenda. Kawerengedwe kameneka kamaoneka kachilungamo kwa munthu wokhala mu ofesi, pakuti akuti wogwira ntchito yambiri alandire zambiri. Koma kamabisa bodza lalikulu, lakuti ntchito ya dalaivala ndi kupondaponda moto basi. Matayala akaima, kawerengedweka kamaimanso. Munthu amene wagona masiku atatu pa Forbes, atagona kale ena awiri pa doko kudikira kuti apakiridwe, ndipo akagonanso pa Chirundu, pabuku la malipiro amaoneka ngati anali patchuthi. Alawansi imene anapatsidwa pochoka inawerengeredwa ulendo wopanda zokhoma, ndiye ikatha panjira amadya ya ana ake.

Nanga tchuthi chake n'chotani? Dalaivala wa pamzere sangachoke, chifukwa mzere ukasuntha iye palibe, anzake amudumpha ndipo wataya tsiku lina. Sangagone tulo tofa nato, chifukwa usiku kuli odula matenti, opopa dizilo ndi omasula mabatire, ndipo chilichonse chobedwa chidzafunsidwa kwa iye. Amaphika nsima pakachitofu m'mbali mwa lole, amagula madzi osamba m'chigubu, amasakasaka chimbudzi pamalo amene sanamangidwe kuti asunge anthu mazanamazana. Amathamangira kwa ejenti kukafunsa ngati mapepala atuluka, n'kuuzidwa kuti netiweki ya a kasitomu yagwa. Kuyambira mu 2017 bungwe la ZIMRA limamata tizipangizo tolondola katundu wongodutsa m'dzikomo, ndipo lole yopatuka panjira yolembedwa imalipitsidwa chindapusa chowawa. Motero munthu mmodzi yemweyo ndi mlonda, kalaliki, makaniko ndi mkaidi wa katundu wa eni ake, maola 24 pa tsiku, koma amalipidwa ngati woyendetsa yekha, pamene mawilo akuzungulira pokha.

Eni malole ali ndi yankho, ndipo si lopanda pake. Amati nawonso akulira: dizilo wakwera, matayala ndi okwera mtengo, misewu ili ndi mageti olipiritsa paliponse, eni katundu amachedwa kulipira, ndipo madobadoba a pakati amadya gawo lawo asanakhudze n'komwe chiwongolero. Amatinso si iwo amene amachedwetsa malole pachipata. Zonsezi n'zoona. Koma pali mfundo imodzi imene satchula. M'mapangano ambiri a pakati pa mwini lole ndi mwini katundu mumalembedwa ndalama yolipira lole ikaimitsidwa kupitirira masiku ogwirizana. Ndiye kuti amalonda onse amavomereza kuti kudikira kuli ndi mtengo wake. Chitsulo chikadikira, pali wolipira. Munthu wokhala m'chitsulomo akadikira, akuti ndi mmene ntchito ilili. Ngati mwini lole akulephera kutolera ndalama imeneyo kwa kasitomala wake, limenelo ndi vuto la pakati pa amalonda awiri, ndipo si chilungamo kuti mtolo wake utulidwe pamutu pa wofooka kuposa onse m'malondawo.

Zotsatira zake zimaoneka pamsewu. Munthu amene wataya masiku atatu osalipidwa amafuna kuwabweza, ndipo njira yowabwezera ndi imodzi: kuthamanga ndi kusagona. Mutare anazunguliridwa ndi mapiri, ndipo msewu wa ku Harare umadutsa pa Christmas Pass, pamene anthu a mumzindawo aona kangapo konse malole otha mabuleki akutsetsereka kulowera kumene kuli nyumba ndi anthu. Ngozi ikachitika, nyuzipepala zimalemba za dalaivala wosasamala. Sizifunsa kuti anagona maola angati sabata imeneyo, kapena kuti anadandaula kangati za mabulekiwo n'kuuzidwa kuti akaonedwa akabwerako. Ku Ulaya lamulo limati dalaivala asayendetse kupitirira maola 9 pa tsiku, kupatula masiku owerengeka, ndipo apume mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka. M'lole muli makina olemba zonsezi, ndipo kampani yophwanya lamulo imalangidwa. Pamsewu wa Beira wolamula maola ndi foni ya bwana yofunsa kuti wafika pati.

Palinso nkhani ya kudula malipiro. Dizilo akapitirira muyeso umene kampani inaika, amadula. Tayala likaphulika, amadula. Katundu akaperewera pasikelo, amadula. Ndalama zimene apolisi a pamsewu amapempha popanda lisiti sizibwezedwa. Dalaivala wina amafika kumapeto kwa mwezi ali ndi ngongole kwa bwana amene wamugwirira ntchito. M'nthaka yotere ndi mmene mumamera malonda a dizilo wa m'zigubu amene aliyense woyenda m'misewu ya Manica ndi Tete amawadziwa. Pa 17 November 2016, m'mudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete, lole ya mafuta yochokera ku Beira kupita ku Malawi inapatutsidwa panjira kuti mafuta agulitsidwe mwakuba. Inaphulika anthu atauunjirira, ndipo oposa 70 anafa. Wopatutsa lole ija analakwa, ndipo umphawi sumuchotsera mlandu. Koma kampani imene imapereka thanki ya malita zikwi makumi angapo m'manja mwa munthu amene ikumulipira zosakwana lendi ndi fizi, kenako n'kudabwa kuti mafuta akuperewera, ikudzinamiza dala. Walira mvula walira matope.

Kuopsa kwa njira nakonso sikuwerengeredwa pa malipiro. Mu 2016, mkangano wa Renamo ndi boma la Mozambique utabuka, malole ankayenda moperekezedwa ndi asilikali pamsewu wa ku Tete, ndipo ena a ku Malawi anatenthedwa m'boma la Barue. Kuchokera mu 2019 gulu la Mariano Nhongo linkawombera magalimoto m'zigawo za Sofala ndi Manica mpaka iye ataphedwa mu October 2021. Namondwe wa Idai, mu March 2019, anadula msewu wa Beira madalaivala ali pakati. Zionetsero zotsatira chisankho cha October 2024 zinatsekanso misewu. Nthawi zonsezi mafuta anafikabe ku Harare, ku Lusaka ndi ku Blantyre, mochedwa koma anafika, chifukwa panali anthu amene analowa m'malole n'kupita.

Kummwera nkhani yake ndi yoopsa koposa. Mu 2019 bungwe la Human Rights Watch, potengera kafukufuku wa bungwe la eni malole la Road Freight Association, linanena kuti anthu oposa 200, ambiri mwa iwo madalaivala a maiko ena, anaphedwa ku South Africa kuyambira mu March 2018. Magulu monga All Truck Drivers Foundation amati alendo akulanda ntchito. Pamenepa bodza la kusowa limagwa lokha: dziko limodzi silingakhale ndi madalaivala osowa ndi madalaivala olandidwa ntchito pa nthawi imodzi. Chimene chilipo ndi mabwana ofuna munthu wolandira zochepa, wosadziwa kokadandaula, woopa kuthamangitsidwa m'dziko. Dalaivala wa ku Durban ali ndi chifukwa chokwiyira, koma akaponya botolo la petulo pa lole ya mnzake wa ku Mutare kapena wa ku Mangochi, amakhala watentha wodyeredwa mnzake, wodyerayo ali phee ku ofesi ndi inshuwalansi yake.

Pali njira yapafupi yoyesera ngati chinthu chikusowadi. Tomato akasowa pamsika wa Sakubva, mtengo umakwera tsiku lomwelo. Ku Britain mu 2021, pamene eni malole ankati akuperewera madalaivala pafupifupi 100,000 ndipo malo omwetsera mafuta anauma, makampani anakweza malipiro, ena n'kumapereka ndalama yongolandirira munthu pa ntchito, boma n'kutsegula ziphaso 5,000 za madalaivala akunja. Kumeneko ndiye kusowa. Kuno malipiro akutsika pamene madandaulo a kusowa akukwera. Kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama ya ZiG, imene inayamba mu April 2024, inagwetsedwa ndi maperesenti oposa 40 mu September chaka chomwecho. Mwini lole yodutsa malire kawirikawiri amalipidwa m'madola. Gawo lililonse la malipiro limene dalaivala amalandira m'ndalama ya m'dziko limasungunuka iye ali pamzere. Madalaivala a ku Malawi anachita kunyanyala ntchito mu 2019 ndi mu 2021 kuti boma liwamve, ndipo anamvedwa pokhapokha mafuta atayamba kuvuta m'mizinda.

Tsono amene ali ndi zaka zambiri pa chiwongolero, amene amadziwa kutsika phiri ndi matani 30 kumbuyo popanda kutentha mabuleki, akuchoka. Ena apita ku migodi, ena agula kagalimoto konyamula anthu, ena atsatira maejenti olonjeza ntchito ku Poland, ku Lithuania ndi ku Slovakia. Kumenekonso si kumwamba: kumayambiriro kwa 2025 madalaivala angapo a ku Zimbabwe anaimitsa malole m'malo opumulira a ku Germany ndi ku France, akudandaula za malipiro odulidwa ndi miyezi yogona m'lole. M'malo mwa ochokawo mumalowa mnyamata wa laisensi yatsopano, wovomera chilichonse chifukwa kunja kwa geti kuli anzake makumi awiri onyamula maenvelopu. Bwana akamati akusowa madalaivala, akutanthauza kuti akusowa munthu wa luso la zaka 15 wolola malipiro a wophunzira.

Misonkhano ya SADC ndi COMESA imakamba kwambiri za kufulumizitsa katundu pa malire, ndipo njanji ya Beira kukafika ku Machipanda inakonzedwanso n'kutsegulidwa mu 2023. Zonsezi n'zabwino kwa katundu. Za munthu wonyamula katunduyo zimasiyidwa ku malamulo a dziko lililonse palokha, chonsecho iye amalembedwa ntchito ku Beira, amavulala ku Rusape, banja lake lili ku Katete. Mabungwe a madalaivala nawonso amathera pa malire, ngakhale kuti mamembala awo amadyera m'mbale imodzi pa Forbes ndipo ambiri amamvana m'Chinyanja popanda womasulira. Chofunika kuti achimenyere limodzi si chachikulu kwambiri: tsiku lililonse lodikira pachipata kapena pa doko lilipidwe pa mtengo wolembedwa m'kontirakiti, ndipo ndalama isadulidwe popanda umboni ndi mwayi woyankhapo. Eni malole sanganene kuti masikuwo ndi ovuta kuwerenga. Pafupifupi lole iliyonse yodutsa malire ili ndi kachipangizo kouza ofesi pamene ili, liwiro lake ndi mphindi imene injini yazimitsidwa. Lero kachipangizoko kamagwiritsidwa ntchito poimbira dalaivala foni akaima mphindi 20 pa Inchope kugula chakudya. Kompyuta yomweyo ili ndi tsiku ndi ola limene lole inafika pamzere wa Forbes, ndi ola limene inatuluka.