Musanajambulidwe phewa, tchulani za katemera

Katemera wa akuluakulu nthawi zambiri amabayidwa pamnofu wa kumtunda kwa mkono. Thupi likayamba kupanga chitetezo, mnofuwo umatupa pang'ono, ndipo mwanabere amatha kutuluka m'khwapa mbali yomweyo. Makina a MRI ndi ultrasound amaonetsa zonsezi, moti dokotala yemwe sanamve za jakisoniyo akhoza kuganizira khansa. Mu 2021, katemera wa Covid-19 atafala, amayi ena m'maiko osiyanasiyana ankaitanidwanso kukapimidwa mabere chifukwa cha mwanabere chabe.

Choncho musaleke kukajambulitsa. Tengani khadi lanu la katemera, muwauze adokotala tsiku lomwe munabayidwa ndi mkono wake. Kutupaku kumatha pakapita masabata angapo. Kukapitirira, kapena kukaoneka mbali yomwe simunabayidwe, bwererani kuchipatala msanga.