Musanakweze katundu pa thilaki, funsani mapepala

Mwezi watha mlamu wanga anasamuka kucoka ku Kabwata kupita ku Chelstone. Anafunsa mitengo kwa anthu atatu a ma Canter amene amaimika m'mbali mwa msewu, ndipo anasankha wochipa. Anakweza mipando, filiji na makina ake osokela amene amadyetsa banja lonse. Pa Great East Road anapeza apolisi a pamsewu, ndipo zinadziwika kuti fitness ya motokayo inatha kale. Dalaivala anayamba kutumila "abwana" ake foni, koma sanali kuyankha. Katundu anakhala padzuwa mpaka madzulo, ndipo mlamu wanga analipila motoka ina kuti atsilize ulendo. Kuchipa kuja kunamudyela ndalama kawili.

Iye anataya tsiku limodzi cabe. Ena amataya katundu yense, ena moyo. Ambili tikukumbukila za pa 7 February 2013, pamene basi inagundana na thilaki pafupi na Chibombo, pa Great North Road, ndipo anthu oposa 50 anafa. Ngozi ya thilaki ikacitika timakamba za dalaivala, za msewu, za apolisi. Sitikamba za munthu amene anapatsa thilakiyo nchito. Munthu ameneyo nthawi zambili ndife: amene tikumanga nyumba ku Woodlands tifuna mcenga na simenti, amene tili na shopu ku Kamwala tikuyembekeza katundu wocoka ku Nakonde. Malinga ngati timafunsa mtengo cabe, mathilaki a mabuleki akutha sadzasowa makasitomala.

Nanga tifunse ciyani? Coyamba, kampaniyo iliko zoona? Dzina lolembedwa pa citseko ca motoka si umboni. Kampani kapena dzina la bizinesi liyenela kulembetsedwa ku PACRA, amene likulu lawo lili ku Longacres, ndipo munthu aliyense angapemphe kufufuza dzinalo kumeneko. Pemphani satifiketi yawo na TPIN ya ku ZRA, muone ngati maina agwilizana na amene ali pa invoisi. Akakuuzani kuti mutumize ndalama pa nambala ya foni ya munthu wina amene dzina lake silikupezeka pa pepala lililonse, imani kaye. Katundu akasowa, mudzakasumila ndani?

Caciwili ni motoka yeniyeniyo. White book imaonetsa mwini wake, nambala ya motoka na ya chasisi. Yelekezelani na thilaki imene yabwela pakhomo panu, cifukwa ena amaonetsa mapepala a motoka yabwino koma n'kutumiza ina. Onani madisiki a road tax na fitness pa galasi lakutsogolo, muwelenge madeti. Motoka yonyamula katundu wa anthu ena molipilitsa ifunikanso road service licence yocokela ku RTSA, bungwe limene linakhazikitsidwa na lamulo la za pamsewu la mu 2002. Mukakaikila, nambala yawo yaulele ni 983.

Cacitatu ni dalaivala. Laisensi ya kalasi B, imene ambili tili nayo, ni ya motoka zing'onozing'ono. Thilaki ifuna C1, C kapena CE malinga na kukula kwake. Ngati ulendo ni wautali, monga wocoka ku Chirundu kapena ku Kazungula, funsani ngati pali dalaivala waciwili komanso kumene adzagona. Tulo pa siteling'i tumapha mofanana na mowa.

Cacinayi ni inshuwalansi, ndipo apa m'pamene ambili timanamizika. Inshuwalansi ya third party, imene lamulo limafuna pa motoka iliyonse, imalipila anthu ena amene motokayo yawavulaza. Siilipila filiji yanu ikagwa. Katundu amatetezedwa na inshuwalansi ina yochedwa goods in transit. Funsani ngati ali nayo, ni ya ndalama zingati, ndipo tumilani kampani ya inshuwalansiyo mumve nokha.

Ndidziwa zimene ena adzakamba: kuti zimenezi zipondeleza mnyamata wa Canter imodzi amene akungofuna kudyetsa ana. Sindikuvomeleza. Mnyamata amene amapeleka motoka yake ku fitness, kugula matayala abwino na kulipila inshuwalansi, ndiye amene timamupondeleza tikasankha mnzake wochipa amene sacita ciliconse mwa izi. Kufunsa mapepala kumam'bwezela mwayi wake. Ndipo munthu wacilungamo sakwiya mukamufunsa mwaulemu kuti, "Abwana, tingaoneko white book?" Amene wakwiya wakuyankhani kale.

Koma mapepala onsewa ali na malile. Amaonetsa kuti thilaki iloledwa kuyenda, osati mmene imayendela. Sakuuzani kuti kampaniyo yacita ngozi zingati, kapena kuti yagwidwa kangati pa sikelo ya RDA cifukwa colemetsa katundu. Ku America, kampani ya mathilaki yoyenda pakati pa zigawo imakhala na nambala ya USDOT. Munthu aliyense angailembe pa intaneti, pa webusaiti ya bungwe la FMCSA, n'kuona ngozi za kampaniyo, zimene oyendela anapeza, komanso giledi yake ngati inapimidwa: yokhutilitsa, ya zofunika kukonza, kapena yosakhutilitsa. Ku South Africa kuli RTMS, dongosolo limene makampani amalowamo mwakufuna kwawo, n'kupimidwa pa kalemedwe ka katundu, kasamalidwe ka motoka na umoyo wa madalaivala.

Kuno kwathu zambili mwa nkhanizi zimalembedwa kale. RTSA ili na kaundula wa motoka na fitness, apolisi amalemba ngozi, RDA imalemba za pa sikelo, PACRA idziwa eni makampani. Cimene ndipempha n'cakuti aziike pamodzi, kuti mayi wa ku Soweto Market alembe nambala ya thilaki pa foni yake n'kuona mbili yake asanalipile. Kampani yaikulu ya maofesi ku Kabulonga ingalembe munthu nchito yofufuza zimenezi. Mayi wa matumba makumi awili a cimanga sangakwanitse, koma iye ndiye amene ngozi imodzi ingamugwetse osadzukanso.

Pamene tikuyembekeza zimenezo, woyendela ndinu. Zungulilani thilaki, onani matayala na malaiti, jambulani nambala yake na laisensi ya dalaivala, lembelanani kapepala ka katundu yense na mtengo wake. Ni mphindi khumi cabe. Mlamu wanga anakana kuzitaya m'mawa uja, ndipo anazilipila na tsiku lathunthu.