KODI SUKULU IRI YA NZERU KAPENA YA MPIRA?

M'dziko la America, m'masukulu akuru ochedwa yunivesite, muli masewero a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndiwo wa magulu osankhika, amene asewera m'dzina la sukulu yonse. Iwo ali ndi aphunzitsi a mpira olipidwa, ndi mabwalo akuru, ndipo ena a iwo aphunzira kwaulere cifukwa ca mphamvu zao. Waciwiri ndiwo wa makalabu: ophunzira eni ace asonkhana, nasonkha tindarama tao, nasankha atsogoleri ao, nasewera atatuluka m'kalasi. Ife tinena poyera kuti waciwiriwu ndiwo woyenera sukulu, ndipo woyambawo wasokeretsa masukulu ambiri.

Taonani ciyambi cace. M'caka ca 1869 anyamata a Rutgers anasewera ndi a Princeton, ndipo uwu unali mpikisano woyamba wa mpira pakati pa masukuluwa. Pambuyo pace mpirawo unasanduka wonyamula m'manja ndi kugwetsana kolimba, kotero kuti m'caka ca 1905 anyamata oposa 15 anafa nao. Theodore Roosevelt, mtsogoleri wa dzikolo, anaitana akuru a masewero a Harvard, Yale ndi Princeton kuti akonze zinthu, ndipo mu 1906 munabadwa bungwe limene lero lichedwa NCAA. Malamulo anacepetsa imfa, koma sanaciza nthenda yeniyeni, ndiyo kukonda mbiri ndi ndarama.

Lero bwalo la mpira la University of Michigan lilowa anthu oposa 100,000, ndipo m'masukulu ambiri mphunzitsi wa mpira alandira malipiro oposa a mkuru wa sukuluyo. Sukulu yotere siingalole kugonja. Cifukwa cace mnyamata wodziwa mpira ayenera kukhoza mayeso, angakhale sanaphunzire. Mu 2014 kunaululika kuti ku University of North Carolina, kwa zaka 18, ophunzira okwana ngati 3,100 analowa makalasi amene sanali kusonkhana konse, nalandira malikisi abwino. Ndipo pafupi theka la iwo anali osewera. Kodi uku si kumnyenga mwana? Zoonadi, cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ena adzati, Koma mpira waphunzitsa ana a amphawi, ndipo ubweretsa cuma kusukulu. Sitikana kuti ena athandizidwa. Koma mwana wosauka amene alibe liwiro, ngakhale ali ndi nzeru, adzalowa pa khomo liti? Ndipo za cumazo, masukulu owerengeka okha ndiwo apindula; ambiri ataya pa masewero zoposa zimene alandira. Ndiponso mwa osewera 100, iwo amene adzadya za mpira atatha sukulu safika ngakhale 5. Otsalawo abwerera kwao ndi maondo opweteka, ndipo wodala ndiye amene anagwiritsa buku lace.

Njira yina iripo. Mu 1939 University of Chicago, pokhala Robert Hutchins mkuru wace, inaleka mpira wa mipikisano yaikuruyo, cinkana gulu lace linali lomveka kale. Anthu anadandaula, koma sukuluyo siinagwe. Ikali yomveka kufikira lero cifukwa ca nzeru zace.

Musayese kuti tidana ndi masewero. Ife aphunzitsi tidziwa kuti mwana wothamanga madzulo amva bwino m'mawa. M'kalabu asewera wamfupi ndi wamtali yemwe, naphunzira kusunga thumba la anzace ndi kugonja kopanda ndeu. Koma pa bwalo lalikuru asewera owerengeka, ndipo zikwi zingokhala pansi ndi kupfuula.

Tsono inu akuru ndi amai, mukaona mwana aturutsidwa m'kalasi kuti akakonzekere mpikisano, musakhale cete. Pitani kwa mphunzitsi, mumfunse kuti phunziro limene mwanayo wataya lero adzalibweza liti.